Ambulera Yachikasu pa Msomali

Kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo kunali msomali umodzi, ndipo pamsomalipo pankapachikidwa ambulera yachikasu. Anaigula m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Sanaigulire mvula ayi. Anaigula kuti iziwauza yemwe akatenge mwana kusukulu tsiku limenelo.

Bambo wa m'nyumbamo ankadzuka kusanayere kuti akapeze basi yoyamba yopita ku fakitale yosindikiza mabuku, kutsidya lina la mzinda. Akapitawo ankamuuza m'mamawa momwemo ngati aweruke msanga kapena ayi. Kudzutsa mkazi wake amene waima tsiku lonse ndi simbi m'manja sankafuna. Foni anaiyesapo, koma tsiku lina uthenga unafika madzulo, mwana atayamba kale kulira pageti. Ndiye anapangana za ambulera. Mwamunayo akaitenga, ndiye kuti akatenga mwana ndi iye. Akaisiya pamsomali, mkaziyo ankaitenga, n'kukapempha kuntchito kuti atuluke hafu pasiti wanu. Mwanayo naye ankaidziwa. Akangoona kachikasu kakubwera pakati pa anthu, ankanyamula chikwama.

Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamutcha Kanyerere, chifukwa chikwama chake chinali chachikulu kuposa mwini wake.

Galimoto anali nayo kale, yabuluu, ya zitseko zinayi. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo, mwamunayo anafika masana nkhope ili mbuu, n'kuika makiyi patebulo. Anati pakona ya pafupi ndi msika kamtsikana kovala yunifomu kanatulukira kuseri kwa basi, iye n'kuponda mabuleki, kamwanako n'kutsamira boneti ndi manja onse awiri. Sikanavulale. Kanangomuyang'ana pagalasi, kenako n'kuthawa.

"Timanja take tinali ngati ta Kanyerere," anatero.

Makiyiwo anakhala patebulo sabata ziwiri, mkaziyo akumawasuntha popukuta n'kuwabwezera pomwepo. Sabata yachitatu galimoto inagulitsidwa. Mkaziyo kuyendetsa sankadziwa, ndipo sankafunanso kuphunzira.

Mkulu wake wa mwamunayo, amene mkaziyo ankamutchula kuti alamu, sanawaleke. Akabwera kudzacheza ankaika makiyi a galimoto yake patebulo mochita kuliza.

"Alamu, inuyo munalakwanji kuti azikuyendetsani pansi ngati nkhuku? Mng'ono wangayu mantha ake anayamba kale. Ali mwana ankathawa ndi wilibala yomwe."

"Tikuyenda bwino, alamu."

"Bwino? Dikirani mvula ibwere. Mudzandiimbira nokha."

Iye ankangomwetulira n'kuwathirira tiyi wina.

Zoona zake, kuyenda wapansi kunali ndi zake. Kugula zinthu ankagula pang'onopang'ono, zoti manja awiri anyamule. Ku ukwati wa mphwake anafika anthu akutuluka m'tchalitchi. Nsapato zinkatha zidendene mwezi usanathe. Koma kunalinso zina zomwe ali m'galimoto sankaziona. Mlonda wa pabanki ankamuuza nthawi asanafunse. Mtsikana wa m'sitolo ya mankhwala ankasiya chitseko chotsegula dzuwa likatentha kuti odutsa amveko kamphepo kozizira. Iye ankazisunga zimenezi mumtima, ndipo popemphera ankatchula anthuwo mmodzimmodzi, ndi ntchito zawo, popeza mayina sankawadziwa.

Chomwe chinkamudetsa nkhawa chinali msewu waukulu.

Unali pakati pa nyumba ndi sukulu. Kale panali mizere yoyera yowolokerapo, koma atayamba kuukulitsa anaipala, n'kuika mpanda wa simenti pakati. Mpandawo unali ndi mpata umodzi, woti munthu adutse chammbali. Mlatho wa oyenda pansi unalipo, koma kutali, mphindi makumi awiri kupita ndi makumi awiri kubwerera. Choncho anthu ankadikirana m'mbali mwa msewu mpaka akwane asanu kapena asanu ndi mmodzi, n'kuwoloka pagulu.

M'gulu la m'mawa simunkalephera mayi wina wamtali, wa chikwama cha maluwa. Iyeyo ndi amene ankatsogola. Ankakweza dzanja m'mwamba ngati wapolisi, n'kuyang'ana woyendetsa m'maso mpaka aime. Komwe ankachokera ndi komwe ankapita, amake Kanyerere sankakudziwa. Ankangogwedezerana mutu. Tsiku lina lamba wa chikwama cha mwana atakodwa pampanda paja, mayiyo anabwerera, n'kumukodola, n'kumugwira dzanja mpaka kutsidya.

Kutsidyako, pansi pa khoma la sitolo yotsekedwa, pankakhala wosoka nsapato. Onse ankawatchula a Chidendene, chifukwa munthu akawapatsa moni ankayamba kuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo.

"Anthu a m'magalimoto sindiwadziwa," ankatero. "Nsapato zawo sizitha. Koma inu apansi, ndikhoza kukuuzani ndi komwe munagona."

Sabata imeneyo panali zinthu ziwiri zomwe mayiyo sankafuna kuziyang'ana koma maso ankapita okha. China chinali chizindikiro cha utoto wofiira chomwe anthu a msewu anapaka pakhoma posonyeza kuti aligumula, pamwamba penipeni pa mutu wa a Chidendene. China chinali nsapato imodzi yachimuna, yakuda, yomwe inali pamwamba pa mpanda wa simenti, pafupi ndi mpata uja. Wina anaitola pamsewu n'kuiika pamenepo kuti mwini wake adzaione. Panapita masiku anayi, mwini wake osabwera.

Lachinayi anadzuka kukuwaza. Inali mvula yoyamba, yopyapyala, yongodetsa mawindo. Atayang'ana kuseri kwa chitseko anapeza msomali uli wokha.

"Lero akutenga ndi adadi," anauza mwanayo pomuveka kajasi kapulasitiki. "Usachoke pageti mpaka uone ambulera. Wamva?"

"Ndamva. Nanga ikachedwa?"

"Udikire."

"Nanga ikachedwa kwambiri?"

"Udikirebe. Idya buledi uyo, tachedwa ndife."

Mumtima anathokoza Mulungu. Kuntchito kunali mulu wa nsalu za kuhotela, ndipo kupempha kutuluka masana tsiku ngati limenelo kunali kudziputira nkhope ya abwana.

Pamsewu waukulu magalimoto anali atayatsa nyali ngakhale kunali kutacha. Phula linkanyezimira ngati lapakidwa mafuta. Mayi wa chikwama cha maluwa anakweza dzanja, koma lole yoyamba sinaime. Inawathira madzi m'miyendo n'kupitirira ikuliza hutala. Yachiwiri inaima monyinyirika. Anawoloka.

A Chidendene anali atamanga pepala lapulasitiki kuchokera pakhoma kufika pandodo ziwiri. Anayang'ana mapazi a Kanyerere.

"Lamba ndinasoka uja akugwira?"

"Akugwira, agogo."

"Agogo ndani? Ine mnyamata wa dzana lomweli. Ukandikalambitsa ndikusokera zala pamodzi."

Mwanayo anaseka mpaka chikwama kugwedera. Mayiyo analoza chizindikiro chofiira chija ndi chibwano.

"Anenapo chiyani?"

"Akuti mawa. Koma mawa lawo linayamba mwezi watha." Anakoka ulusi ndi mano. "Mvula iyi sindikuikonda, mayi. Yoyamba imatsuka mafuta onse a m'chilimwe. Matayala amangoyenda okha. Muziwoloka ngati mwanyamula mazira."

Atasiya mwana pageti anawolokanso msewu, n'kuyenda mphindi makumi awiri ndi zisanu mpaka kuntchito.

Malo ochapira ndi kusita zovala anali pansi pa nyumba yosanja. Munthu ankatsika masitepe khumi ndi awiri kuti afike. Mafoni ankawasiya m'kabati pakhomo. M'katimo munali matebulo anayi ositira, makina awiri aakulu ochapira, ndi zenera limodzi lalitali m'mwamba mwa khoma, lolingana ndi njira ya oyenda pansi. Pazenerapo sipankaoneka nkhope, mapazi okhaokha. Tsiku limenelo mapaziwo ankadutsa mothamanga, akuthovutsa madzi, ndipo pofika masana kunja kunada bii ngati kwatsala pang'ono kugwa chinthu.

Anasita. Nsalu ya pabedi, kupinda, ina, kupinda. Nthunzi inkamulowa m'maso. Nthawi ya thu koloko anayang'ana wotchi ya pakhoma monga mwa masiku onse, n'kunena chamumtima: Ambuye, muwayendetse. Anaona m'maganizo mwake ambulera ikukhota pakona ya sukulu, mwana akunyamula chikwama. Anabwerera ku nsalu zake.

Mnzake wa patebulo loyandikana ankadandaula za mwamuna wake amene anagula wailesi m'malo mwa matiresi.

"Ndiye ndamuuza kuti agonere wailesiyo. Iwe ukuseka? Wako uja bola, anangogulitsa galimoto. Wangayu tsiku lina adzagulitsa ine."

"Sangapeze wogula."

"Iwe! Mpaka pamenepo?"

Itangodutsa kota pasiti fili, wina anatsika masitepe pang'onopang'ono, akupumira pa sitepe iliyonse. Anali a Penshoni, mkulu wokhala yekha khomo lachitatu kuchoka pa lawo, amene miyendo inkamuvuta. Anaima pakauntala akudontha madzi m'mapewa, akumwetulira. M'dzanja lawo munali ambulera yachikasu.

"Amake Kanyerere, ndimati ndikusiyireni pompano, mungaweruke ikugwa. Amuna anu ndi munthu, inu. Andipeza pamasitepe m'mamawa ndikupita kuchipatala kukatenga mankhwala, ine mutu uli pamtunda. Angobwerera m'nyumba n'kunditengera. Ndati nanga inu? Akuti ine ndithamanga, basi ili pafupi."

Simbi inali idakali pansalu. Fungo la kupserera ndi lomwe linamudzutsa. Mnzake ndi amene anaichotsa.

"Anakupatsani m'mawa?"

"Kusanayere. Bwanji, ndalakwa?"

"Ayi, bambo. Simunalakwe."

Anayang'ana wotchi. Sukulu inali itaweruka ola limodzi ndi mphindi khumi ndi zisanu zapitazo.

Sanapemphe kwa abwana. Anatsegula kabati, foni n'kugwa pansi, n'kuitola. Ali pamasitepe anamva mnzake akukuwa kuti, "Thamanga, ndikunenera ine!" Ambulera anaisiya m'manja mwa a Penshoni.

Mwamuna wake anayankha foni atamuimbira kachitatu. Kumbuyo kwake makina ankalira.

"Mwana muli naye?"

"Mwana? Si lero ndiweruka sikisi? Ndinasiya ambu..." Mawu anathera pomwepo. Iye anamva makina okhaokha. Kenako, motsitsa, ngati munthu wolankhula m'tulo: "Mayo ine. Ndinapatsa a Penshoni. Kunali mvula, amake mwana. Ndinangoona mvula."

"Imbani kusukulu. Ine ndikuthamanga."

Anathamanga. Madzi anali atadzaza njira, ndipo nsapato zake zansalu zinalemera ngati zamangiriridwa njerwa. Pasiteji ya basi panali khamu la anthu, koma mabasi anali ataima pamzere umodzi ndi magalimoto ena, osasuntha. Mlonda wa pabanki anamuona akubwera n'kukankhira pambali chikwangwani chomwe chinatseka njira.

Foni inalira. Mwamuna wake.

"Aphunzitsi akuti anamuona pageti mpaka cha m'ma hafu pasiti thu. Mvula itakula mlonda analowa m'kanyumba kake. Potuluka, mwana palibe." Anapuma movutika. "Ndaimbira achimwene. Ali pafupi ndi kumeneko. Inenso ndanyamuka."

Udikire. Nanga ikachedwa kwambiri? Mwanayo anali atadikira theka la ola pamvula. Njira ya kwawo ankaidziwa. Anaiyenda miyezi isanu ndi itatu, m'mawa ndi masana. Ankadziwa pokhota, podumpha ngalande, pomwe pali galu wolusa. Ankadziwanso poima m'mbali mwa msewu waukulu. Chimodzi chokha sankadziwa: kuti dzanja la mwana likakwezedwa m'mwamba silifika pomwe woyendetsa lole angalione.

Ambuye, musamulole aponde phula. Mumangeni miyendo. Mumuchititse mantha, alire, akhale pansi. Anali asanapempherepo pemphero loipa chotero, ndipo analibwereza mpaka mpweya unamuthera.

Foni inaliranso. Anali alamu.

"Alamu, ndili m'njira koma sitikuyenda. Chiimire pano mphindi makumi awiri. Akuti kutsogoloku kwachitika ngozi, pamsewu waukulu, pampata paja anthu amawolokera. Alamu? Mukundimva?"

Anaika foni m'thumba osaidula.

Mzere wa magalimoto unali wautali kuposa momwe anauonerapo. Anthu anali m'kati mwa magalasi otsekedwa, ena akudya, ena akuyang'ana mafoni, timitengo topukuta magalasi tikupita uku ndi uku. Anawadutsa onse, imodzi ndi imodzi. Penapake galasi linatsika, mutu wa alamu n'kutuluka.

"Alamu! Lowani muno, mwanyowa! Alamu!"

Sanacheuke.

Anayamba kuona nyali za ambulansi zikuphethira pamakoma onyowa asanauone msewuwo. Kenako anaona lole itaima chopingasa, mphuno yake itagunda mpanda wa simenti. Anthu anali atazungulira, maambulera akuda okhaokha atagundana. Panalibe wolankhula mokweza. Anayenda ngati akuwoloka mtsinje.

"Ndani?" anafunsa bambo wina wovala ovolosi.

"Kaya. Wapansi."

"Mwana?"

"Sindinaone, mayi. Ndangofika."

Analowa pakati pa anthu chammbali, akupepesa, "Zikomo, zikomo," ngati ali m'tchalitchi. Anthu a ambulansi anali atagwada. Misana yawo inatchinga zonse. Nkhope sakanaiona, ndipo sankafuna kuiona. Anachita zomwe a Chidendene ankachita. Anayang'ana kumapazi.

Anali mapazi a munthu wamkulu. Limodzi linali ndi nsapato yansalu yodyeka chidendene mbali yakunja, ngati zake zomwe. Linalo linalibe.

Mpweya unatuluka m'chifuwa mwake ndi kaphokoso komwe sanakafune, ndipo mawu oyamba kufika pakamwa anali akuti zikomo Ambuye. Atangowanena anaona chikwama cha maluwa chili m'madzi pafupi ndi tayala, chitatseguka, kabokosi ka chakudya katagubuduzika pambali. Anagwira pakamwa.

Anamunyamula pamachira mayi wamtali uja. Dzanja lake lamanja, lija ankakweza, linalendewera, ndipo mmodzi wa anthu a ambulansi analibwezera pachifuwa mosamala. Ngati anali kupuma kapena ayi, panalibe amene ananena.

Magalimoto onse anali ataima, mbali zonse ziwiri. Kwa nthawi yoyamba chichotsereni mizere yoyera, munthu akanatha kuwoloka msewu umenewo osayang'ana uku ndi uku. Anadutsa pampata paja mapewa akukhula simenti.

Pepala lapulasitiki la a Chidendene linali litatsitsidwa mbali ya kumsewu mpaka pansi, n'kutsamizidwa ndi miyala. Pansi pake pankaoneka mapazi anayi. Awiri anali m'nsapato zakale zachimuna zopanda zingwe. Awiri enawo anali aang'ono, m'nsapato zakuda za sukulu, ndipo lamba wa yakumanzere anali wosokedwa ndi ulusi wofiirira.

Anagwada m'matope n'kukweza pepalalo.

Kanyerere anali atakhala pabokosi la zida, nkhope ataloza kukhoma, jekete la a Chidendene lili pamapewa. Pamiyendo pake panali chivindikiro cha chitini chodzaza timisomali, ndipo ankatisankha, tatitali uku, tatifupi uku.

"Amami! Ambulera sinabwere. Ndinadikira kwambiri, kwambiri. Agogo andilemba ntchito."

Mayiyo anamukumbatira pamodzi ndi chikwama, timisomali n'kumwazika.

"Aaa, mwandiwonongera wantchito," anatero a Chidendene. Mawu awo anali a nthabwala, koma nkhope sinali ya nthabwala. Anatola timisomali tiwiri titatu, kenako anatsitsa mawu. "Ine sindinamuone, mayi, ndisaname. Ndinali nditaweramira soli ya nsapato. Ndi mayi wamtali uja. Wamupeza ataima m'mphepete penipeni, kadzanja kali m'mwamba, akudikira kuti aime. Wamugwira n'kubwera naye kuno. Akuti, bambo, sungani mwanayu, amake ndimawadziwa, abwera. Ndati inuyo dikirani anthu achuluke, mvula iyi. Akuti ndachedwa kale." Anapukuta manja pabondo. "Nditamva mabuleki ndinangotsitsa pepalali."

"Waona?"

"Wamva phokoso basi. Ndamuuza kuti tayala laphulika."

Kanyerere anasolola mutu kukhwapa kwa mayi ake.

"Anti aja awoloka?"

Akuluakulu awiriwo anayang'anana.

"Apita, mwanangu," anatero mayiyo. "Vala bwino jasi."

Mwamuna wake anafika patapita theka la ola, pa njinga yamoto, alibe chipewa, malaya atamatirira pathupi. Anatsika isanaime bwino. Atawaona anaima patali pang'ono, manja ali lende, ngati mlendo wosadziwa ngati aloledwa kulowa. Kanyerere ndi amene anathamangira kwa iye.

"Adadi, munaiwala!"

"Ndinaiwala, mayi anga. Ndinaiwala." Anamunyamula, maso ali pa lole ija, yomwe tsopano ankaikoka. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

Alamu nawo anafika wapansi, galimoto ataisiya penapake m'mbali, nsapato zawo zonyezimira zitadzaza matope. Anatsegula pakamwa, ndipo mayiyo anadikira mawu aja a mvula. Koma anangovula jekete n'kumufunditsa.

"Galimoto ili uko," anatero. "Msewu ukatseguka ndikakutulani."

"Zikomo, alamu. Msewu sutseguka msanga. Tidzera pamlatho."

Asananyamuke anagwira dzanja la a Chidendene ndi manja ake onse awiri. Linali lolimba ngati chikopa chomwe ankasoka.

"Pitani, mayi, mwana wazizidwa. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Komanso ndi kasitomala wanga uyu."

Anayenda mphindi makumi awiri kukafika pamlatho, mwana ali pamsana pa bambo ake. Mvula inali itachepa. Pakati pa mlathowo mwamunayo analankhula osamuyang'ana.

"Mwina achimwene akunena zoona. Mwina ndipeze ina."

Pansi pawo magalimoto anali atayambanso kuyenda, mizere inayi uku, inayi uko, akuthamanga ngati akubweza nthawi yomwe anataya. Mayiyo anaganiza za timanja tiwiri paboneti yabuluu, ndi za dzanja lija lolendewera pamachira. Sanadziwe kuti mwamuna wake akuopa chiti kwambiri, kukhala pansi pa tayala kapena kukhala pachiwongolero, ndipo anaona kuti nayenso sakudziwa.

"Zimenezo tidzakambirana," anatero. "Koma kuyambira mawa muzindidzutsa. Muzindiuza ndi pakamwa, ine n'kuyankha."

"Umakhala utatopa."

"Muzindidzutsa."

Atafika anapeza ambulera yachikasu itatsamizidwa pachitseko chawo, itapindidwa bwinobwino, ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lonjenjemera: Pepani ngati ndinalakwa. Mayiyo anapita kukagogoda khomo lachitatu n'kuuza a Penshoni kuti mwana ali bwino, ndipo kuti ambulerayo aisunge, ndi yawo tsopano. Mkuluyo anakana kawiri, kachitatu n'kulandira. Pobwerera anapeza mwamuna wake akuzula msomali uja ndi pulayala. Unasiya kabowo kakang'ono kuseri kwa chitseko.

Popemphera tsiku limenelo anatchula mlonda wa pabanki, mnzake wa kuntchito, alamu, a Penshoni, a Chidendene. Atafika pa mayi wa chikwama cha maluwa sanadziwe ngati amupempherere kuti achire kapena apempherere amene ankamudikira kunyumba. Anapempherera zonse ziwiri. Anapemphanso chikhululukiro chifukwa cha zikomo uja.

M'mamawa dzanja linamugwedeza paphewa.

"Amake mwana. Lero ndiweruka sikisi. Ukamutenga ndiwe."

"Ndikamutenga ndine."

"Wamva ndithu?"

"Ndamva. Ndine."

Ananyamuka ndi mwana mphindi makumi anayi nthawi yawo isanakwane, kuti adzere pamlatho. Mvula sinkagwa, koma mitambo inali yotsika, yolemera. Atatsika kutsidya anabwerera m'mbali mwa msewu kulowera kusukulu, ndipo ali patali anamva kulira kwa chigalimoto chogumula. Khoma la sitolo lija linali litagwa kale theka. Pomwe pankakhala a Chidendene panatsala miyala inayi ndi ndodo imodzi. Anafunsa munthu wovala chipewa cholimba ngati waona komwe wosoka nsapato walowera. Munthuyo anapukusa mutu n'kumuuza kuti asunthe.

Kutsidya lina la msewu anthu asanu anali ataima m'mphepete, akudikirana. Anakwana asanu ndi mmodzi, kenako asanu ndi awiri. Aliyense ankayang'ana mnzake. Panalibe wokweza dzanja.

Kanyerere anamukoka chala.

"Amami, taonani pampanda paja. Nsapato ija yapeza inzake."

Mayiyo anayang'ana. Pambali pa nsapato yakuda yachimuna, wina anali ataikapo ina, yansalu, yodyeka chidendene mbali yakunja.

Anagwira dzanja la mwanayo mpaka mwanayo anati, "Mukundipweteka." Anafewetsa pang'ono, koma sanalisiye mpaka pageti.